Selenium ndi impso yoikidwa: zimene muyezo wa m'magazi umanena ndi zimene sunena

Munthu amene madokotala amuika impso ya munthu wina amakhala moyo woyang'anira manambala. Mwezi ndi mwezi amafuna kudziwa kuti creatinine (muyezo wa mmene impso ikusefera magazi) ali pati, tacrolimus (mankhwala oletsa thupi kukana impsoyo) m'magazi wakwera kapena watsika, shuga ali bwanji, ndiponso ngati magazi akuthamanga mopitirira muyezo. Pali nambala ina imene siyezedwa kawirikawiri kuchipatala, koma imatchulidwa kwambiri m'malipoti a ofufuza komanso m'zotsatsa za ogulitsa mapiritsi owonjezera thanzi, ndiyo kuchuluka kwa selenium. Kuno ku Harare, kumene ambiri mwa anthu okhala ndi impso yoikidwa anakachitidwira opaleshoni ku India kapena ku South Africa pa ndalama zimene banja lonse linasonkha, funso la selenium limafika m'nyumba kudzera mwa achibale ofuna zabwino, amene amabweretsa botolo la mapiritsi kuchokera ku famase n'kunena kuti liteteza impsoyo. Nkhaniyi ndi yovuta kuposa mmene botololo limanenera, chifukwa impso yeniyeniyo ndi mbali ya njira imene thupi limagwiritsira ntchito selenium.

Selenium ndi mchere wa m'nthaka umene thupi limafuna pang'ono kwambiri. Anautulukira mu 1817 katswiri wa ku Sweden, Jöns Jacob Berzelius, ndipo kwa zaka zambiri unkadziwika ngati poizoni amene amadwalitsa ziweto zodya udzu wa m'madera ena. Mu 1957 Klaus Schwarz ndi Calvin Foltz anasonyeza kuti makoswe osowa selenium amawonongeka chiwindi, ndipo mu 1973 magulu awiri a ofufuza, lina ku Wisconsin lina ku Germany, anapeza chifukwa chake: selenium ali m'kati mwenimweni mwa enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'maselo) yotchedwa glutathione peroxidase, mwachidule GPx. Lero tikudziwa kuti munthu ali ndi majini 25 opanga mapuloteni okhala ndi selenium. Ena mwa mapuloteniwa amathandiza kuti mahomoni a chithokomiro agwire ntchito, koma ambiri ntchito yawo ndi kuteteza maselo ku kuwonongeka kumene akatswiri amakutcha oxidative stress. Ku United States muyezo wa munthu wamkulu ndi ma microgram 55 patsiku, ndipo microgram imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu.

Oxidative stress imayambira pa kupuma kwenikweniko. Maselo amagwiritsa ntchito okosijeni potulutsa mphamvu m'zakudya, ndipo ntchitoyi imachitikira m'tizigawo ta selo totchedwa mitochondria. Pa ntchitoyi kachigawo kochepa ka okosijeni kamasanduka tinthu tolusa monga superoxide ndi hydrogen peroxide, timene timagwira chilichonse chimene tayandikana nacho: mafuta a m'khungu la selo, mapuloteni, ngakhale DNA. Zimafanana ndi dzimbiri pa khasu losiyidwa panja, pakuti mpweya womwewo umene uli paliponse ndi umene umadya chitsulocho pang'onopang'ono. Kusiyana kwake n'koti thupi limapanga ena mwa tinthu tolusati mwadala. Maselo oyera a m'magazi amatigwiritsa ntchito popha mabakiteriya, ndipo hydrogen peroxide wochepa amatumikira ngati uthenga pakati pa maselo. Choncho thupi silifuna kuti titheretu, limangofuna kuti tisapitirire malire, ndipo lili ndi ma enzyme ochita zimenezi: superoxide dismutase, catalase, ndi banja la glutathione peroxidase. Vuto limabuka pamene tinthu tolusati tachuluka kuposa mphamvu ya ma enzyme, ndipo mmenemo ndi mmene Helmut Sies anafotokozera oxidative stress mu 1985.

Wodwala impso amafika pa tebulo la opaleshoni zinthu zitapendekera kale ku mbali yoipa. Zinyalala zimene impso zodwala zalephera kutulutsa zimayambitsa kutupa kwa m'kati mwa thupi kosatha. Pa dayalisisi, njira yotsuka magazi impso zikalephera, magazi amadutsa m'mapaipi ndi m'sefa ya makina kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo kukhudzana kumeneku kumadzutsa maselo oyera kuti atulutse tinthu tolusa. Ayironi amene odwala ambiri amapatsidwa kudzera mumtsempha amawonjezera vutoli. Pamwamba pa zonsezi pali nkhani ya chakudya. Wodwala amene impso zake zikufooka amauzidwa kuti achepetse nyama, wa pa dayalisisi amauzidwa kuti asamale ndi zakudya za potaziyamu ndi fosifolasi wambiri, ndipo matendawo pawokha amachotsa chilakolako cha chakudya. Popeza selenium wambiri amalowa m'thupi limodzi ndi mapuloteni, n'zosadabwitsa kuti m'maiko ambiri odwala a pa dayalisisi apezeka ndi selenium wochepa m'magazi poyerekeza ndi anthu athanzi.

Opaleshoniyo imabwera ndi chiwopsezo chakechake. Impso ikachotsedwa mwa wopereka, magazi amasiya kuyendamo, ndipo imasungidwa m'madzi apadera ozizira pafupifupi madigiri 4. Ngati wopereka ali moyo, monga mbale kapena mlongo wa wodwalayo, nthawi imeneyi imakhala yochepa. Ngati impso yachokera kwa munthu amene wamwalira, imatha kudikira maola ambiri. Pa nthawi yonseyi maselo ake amakhala opanda okosijeni ndipo mitochondria amasokonezeka. Dokotala akalumikiza mitsempha n'kutsegulira magazi a wodwala, okosijeni amalowa mwadzidzidzi m'maselo amene sanakonzeke kumulandira, ndipo tinthu tolusa tija timatuluka tambiri nthawi imodzi. N'zodabwitsa kuti kubwerera kwa magazi, kumene kumapulumutsa impsoyo, n'kumenenso kumaivulaza. Kuvulalaku kukakhala kwakukulu impso imachedwa kuyamba ntchito, wodwala amafunika dayalisisi m'sabata yoyamba, ndipo maselo ovulalawo amaitana chitetezo cha m'thupi, zimene zimawonjezera mpata woti thupi liyambe kuikana impsoyo.

Pamenepa ndi pamene selenium amalowa m'nkhani mooneka bwino. Enzyme ina ya m'banja la glutathione peroxidase lija, GPx4, ntchito yake ndi kuletsa kuwonongeka kwa mafuta a m'khungu la selo, ndipo ikasowa selo limafa m'njira imene inatchedwa ferroptosis mu 2012. Mu 2014 ofufuza a ku Germany anasonyeza kuti mbewa zazikulu zimene anazichotsera GPx4 zinkafa ndi kulephera kwa impso kwadzidzidzi, chifukwa maselo a m'timachubu ta impso ndi ena mwa maselo osachedwa kufa m'njira imeneyi. Kafukufuku wa pa mbewa sauza dokotala zochita ndi wodwala, koma amasonyeza kuti impso imadalira kwambiri chitetezo chimene chili ndi selenium m'kati mwake.

Wodwala akatuluka m'chipatala, oxidative stress imachepa koma siitha. Mankhwala oletsa thupi kukana impso, makamaka cyclosporine amene anayamba kugwiritsidwa ntchito kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi tacrolimus amene anabwera m'zaka za m'ma 1990, amafinya timitsempha ta mu impso ndipo amawonjezera tinthu tolusa m'maselo ake. Tacrolimus ndi prednisolone, mankhwala enanso oletsa kukana impso, amatha kuyambitsa matenda a shuga mwa munthu amene analibe, ndipo shuga wokwera amawononga mitsempha m'njira yomweyi. Chimodzi mwa zinthu zimene zimapha kwambiri anthu amene impso yawo yoikidwa ikugwirabe ntchito ndi matenda a mtima ndi mitsempha, ndipo n'chifukwa chake ofufuza akhala akufunsa ngati kulimbitsa chitetezo cha maselo kungatalikitse moyo wa impso ndi wa mwiniwake. Funsoli ndi lomveka. Chovuta ndi mmene tingawerengere zotsatira za kuyeza.

Selenium wochokera m'chakudya amafika ku chiwindi, kumene amaikidwa mu puloteni yotchedwa selenoprotein P, ndipo puloteni imeneyi ndi imene imanyamula gawo lalikulu la selenium wa m'madzi a magazi. Impso imatenga gawo lake kudzera m'maselo a m'timachubu tija, ndipo maselo omwewo ndi amene amapanga GPx3 wambiri, mtundu wa glutathione peroxidase umene umayenda m'magazi. Tanthauzo lake n'lakuti GPx3 wa m'magazi amadalira zinthu ziwiri: selenium amene munthu wadya, ndi maselo a impso amoyo oti amupange. Anthu amene alibiretu impso amakhala ndi GPx3 wochepa kwambiri ngakhale adye bwino. Ofufuza a ku Bydgoszcz ku Poland, motsogozedwa ndi Bronisław Zachara, anapeza kuti kupatsa selenium odwala a pa dayalisisi kumakweza selenium m'magazi koma sikubwezeretsa GPx3 pa mlingo wa munthu wathanzi, pamene mwa odwala amene aikidwa impso yogwira ntchito bwino enzyme imeneyi imakwera yokha m'masabata ndi m'miyezi yoyamba. Mwa odwala amenewa chimene chinkasowa kwambiri si selenium ayi, koma impso. Choncho GPx3 akakhala wotsika mwa munthu wa impso yoikidwa, dokotala wanzeru amayamba wafunsa za thanzi la impsoyo asanafunse za mbale ya wodwalayo.

Muyezo wa selenium weniweniyo uli ndi msampha wina. Thupi likamalimbana ndi matenda aliwonse, kaya ndi chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena bala la opaleshoni, chiwindi chimachepetsa kupanga selenoprotein P, ndipo selenium wa m'madzi a magazi amatsika m'masiku ochepa ngakhale kuti munthuyo sanasinthe kadyedwe. Magazi otengedwa patangopita masiku atatu kuchokera pa opaleshoni, kapena pamene wodwala akutentha thupi, angasonyeze kuperewera kumene kulibe. N'chifukwa chake akatswiri amati selenium aziyezedwa limodzi ndi CRP, amene amasonyeza kutupa kwa m'kati mwa thupi, ndipo CRP akakhala wokwera zotsatirazo zisakhulupiriridwe msanga. Wodwala amene akutaya mapuloteni ambiri mumkodzo amatayanso selenium limodzi nawo. Miyezo ya oxidative stress nayonso, monga malondialdehyde, imasintha malinga ndi mmene magazi asungidwira ndi njira imene labotale yagwiritsa ntchito, moti manambala a malabotale awiri nthawi zambiri sayerekezeka. Miyezo imeneyi ndi zida za ofufuza, ndipo munthu amene akukugulitsani "kuyeza oxidative stress" kuti kenako akugulitseni mankhwala ake muyenera kumukayikira.

Kafukufuku wina pa nkhaniyi anachokera ku Groningen ku Netherlands ndipo anafalitsidwa mu 2023. Ofufuza anayeza selenium mumkodzo wa maola 24 wa anthu oposa 600 okhala ndi impso yoikidwa, poona kuti mkodzo umasonyeza bwino kuchuluka kwa selenium amene munthu akudya, kenako anawatsatira kwa zaka zingapo. Amene anali ndi selenium wochepa mumkodzo anamwalira ambiri poyerekeza ndi anzawo. Koma ofufuza omwewo anaonanso kuti chinthu chimene chinkayendera limodzi kwambiri ndi selenium wa mumkodzo ndi kuchuluka kwa mapuloteni amene munthu ankadya. Munthu amene amadya nsomba, mazira ndi nyama mokwanira nthawi zambiri amakhala ndi minofu yolimba, chilakolako cha chakudya, ndiponso ndalama zogulira zakudyazo, pamene amene akufooka amadya pang'ono. Kafukufuku wa mtundu umenewu sangalekanitse mphamvu ya selenium ndi mphamvu ya zinthu zina zonsezi. Amatiuza kuti selenium wochepa ndi chizindikiro chofunika kuchiyang'anira, koma satiuza kuti piritsi likanasintha mapeto a anthuwo.

Madokotala a impso anaphunzira kale kusamala ndi zizindikiro zotere. Kwa zaka zambiri zinkadziwika kuti anthu a impso yoikidwa amene ali ndi homocysteine (chinthu chimene thupi limapanga pophwanya mapuloteni) wokwera m'magazi amadwala mtima kwambiri, ndipo zinkaoneka zosavuta: mavitamini a gulu la B amatsitsa homocysteine, choncho ayenera kuteteza mtima. Kafukufuku wa FAVORIT, wa anthu 4,110 okhala ndi impso yoikidwa, anayesa zimenezi ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2011. Homocysteine anatsikadi, koma matenda a mtima ndi imfa sizinachepe. Pa selenium palibe kafukufuku wamkulu wa mtundu umenewu mwa anthu a impso yoikidwa amene wasonyeza kuti mapiritsi amatalikitsa moyo wa impso. Malangizo a kadyedwe a mu 2020 a KDOQI, gulu la akatswiri a impso la ku United States, amanena kuti odwala impso, kuphatikizapo a pa dayalisisi, asamangopatsidwa selenium kapena zinc mwachizolowezi, chifukwa umboni woti zimathandiza ndi wochepa.

Wina anganene kuti ngakhale phindu lake silinatsimikizike, kumwa sikulakwa kanthu. Maganizo amenewa sagwirizana ndi selenium, chifukwa mpata wa pakati pa wokwanira ndi wovulaza ndi waung'ono. Ku United States malire apamwamba ndi ma microgram 400 patsiku, ndipo bungwe la ku Ulaya loona za chitetezo cha zakudya, EFSA, linatsitsa malire ake kufika pa 255 mu 2023. Malire amenewa anaikidwira anthu athanzi, amene impso zawo ziwiri zimatulutsa selenium wotsala mumkodzo. Munthu wa impso imodzi yoikidwa, imene mwina ikugwira theka la ntchito ya impso ziwiri zathanzi, alibe chitetezo chofananacho. Selenium akachuluka tsitsi limathothoka, zikhadabo zimaphwanyika, mpweya wa m'kamwa umanunkha adyo, munthu amatsegula m'mimba ndipo mitsempha yonyamula mauthenga ya m'manja ndi m'miyendo imatha kuvulala. Mu 2008 anthu pafupifupi 200 ku United States anadwala atamwa mankhwala amadzi owonjezera thanzi amene anali ndi selenium wochuluka pafupifupi ka 200 kuposa zimene zinalembedwa pa botolo. Ngati zimenezi zinachitika kumeneko, palibe chifukwa choganizira kuti mabotolo obwera m'zikwama kudzera pa Beitbridge, malire a Zimbabwe ndi South Africa, ndi odalirika koposa.

Ngakhale pa mlingo wooneka wochepa pali zinthu ziwiri zimene ziyenera kumuchititsa mantha makamaka munthu wa impso yoikidwa. Mu kafukufuku wa Nutritional Prevention of Cancer ku United States, anthu amene anadwalapo khansa ya pakhungu ankamwa ma microgram 200 a selenium patsiku kwa zaka zingapo. Mwa amene ankamwawo, khansa ya pakhungu ya mtundu wa squamous cell inapezeka yochulukirapo, ndipo atawunikanso zotsatira mu 2007 anapeza kuti matenda a shuga a mtundu wachiwiri analinso ochulukirapo, makamaka mwa amene anali kale ndi selenium wambiri m'magazi. Matenda awiriwa ndi omwe mankhwala oletsa kukana impso amawachulukitsa kale. N'zoona kuti khansa ya pakhungu imeneyi imagwira kwambiri anthu a khungu loyera, koma shuga sasankha khungu, ndipo munthu amene akumwa tacrolimus ndi prednisolone ali kale pafupi naye. Kafukufuku wina wamkulu, SELECT, wa amuna oposa 35,000, anaimitsidwa mu 2008 ataona kuti selenium ndi vitamini E sizikuteteza ku khansa ya prostate, ndipo pambuyo pake zinaoneka kuti vitamini E payekha ankawonjezera khansayo.

Komabe pali chifukwa chomveka choti ife a kuno tisangotengera zotsatira za ku America n'kutseka nkhani. Anthu a m'makafukufuku amenewo ambiri anali ndi selenium wokwanira asanayambe n'komwe kumwa mapiritsi, chifukwa tirigu wa ku North America amamera m'nthaka ya selenium wambiri. Kuno zinthu n'zosiyana. M'nthaka ya asidi, yofiira, imene ili m'madera ambiri a Malawi ndi Zimbabwe, selenium amagwidwa ndi ayironi wa m'dothi ndipo mizu ya chimanga imalephera kumutenga. Ku Malawi, Allan Chilimba ndi anzake anasonyeza mu 2011 kuti chimanga cha m'madera ambiri chili ndi selenium wochepa kwambiri, kupatulapo cha m'nthaka yakuda ya laimu monga ya m'chigwa cha Shire. Kafukufuku wa mu 2013 anayerekeza amayi a ku Zombwe m'boma la Mzimba ndi a ku Mikalango m'boma la Chikwawa, ndipo anapeza kuti a ku Zombwe ankadya ma microgram ochepera 10 patsiku pamene a ku Mikalango ankapitirira 50, ngakhale kuti onsewo chakudya chawo chachikulu chinali cha kumunda kwawo. Magazi amene anatengedwa pa kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anasonyeza kuti amayi oposa theka a msinkhu wobereka anali ndi selenium wosakwanira kuti GPx3 agwire ntchito mokwanira. Kuno ku Zimbabwe, ofufuza a pa University of Zimbabwe ndi anzawo anayeza amayi ndi ana m'maboma a Murewa, Shamva ndi Mutasa, ndipo anapezanso kuti kuperewera kwa selenium n'kofala.

Banja la ku Mbare, ku Highfield kapena ku Epworth, m'dera la Harare, limene limadya nsima kawiri patsiku, ndi ndiwo zamasamba masiku ambiri, likudya zimene nthaka ya ku Mashonaland yapereka. Munthu wa m'banja lotere amene wakhala zaka pa dayalisisi ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Chitungwiza asanapeze impso akhoza kukhaladi woperewera selenium, osati pa pepala lokha. Kuperewera kwenikweni si nkhani yochepa: ku China matenda a Keshan, amene amafooketsa minofu ya mtima, anapha ana ndi amayi ambiri m'madera a nthaka yosauka mpaka pamene boma linayamba kugawa sodium selenite m'zaka za m'ma 1970. Phindu la selenium limaoneka mwa amene akumusowa, ndipo limatha pamene ma enzyme akhuta. Kupitirira pamenepo chimene chimawonjezeka ndi chiwopsezo chokha. Ndiye funso loyenera kwa wodwala wa ku Harare si loti selenium ndi wabwino kapena woipa, koma loti iyeyo ali mbali iti ya malirewo, ndipo zimenezi sizingadziwike poyang'ana nkhope.

Njira yosawopsa kwambiri imadutsa m'khitchini. Impso yoikidwa ikamagwira ntchito bwino, zoletsa zambiri za nthawi ya dayalisisi zimachotsedwa, ndipo m'masabata oyamba wodwala amauzidwa kuti adye mapuloteni ochulukirapo kuti bala lipole ndiponso kuti minofu isathe ndi prednisolone. Ambiri amapitiriza kuopa nyama ndi nsomba mwachizolowezi, chifukwa zaka za kuletsedwa sizichoka msanga m'mutu, ndipo achibale ophika nawo amapitiriza kutsatira pepala lakale. Nsomba, mazira, nkhuku ndi nyama ya ng'ombe zili ndi selenium wambiri kuposa chimanga. Kapenta wa ku Kariba, amene amadyedwa wathunthu ngati usipa wa kwathu, ndi gwero labwino ndiponso lotsika mtengo, kungoti wouma amakhala ndi mchere wambiri, ndipo munthu wa BP yokwera ayenera kumuviika m'madzi asanaphike. Zonsezi ziyenera kupsa bwinobwino, chifukwa thupi limene chitetezo chake chafooketsedwa dala silingalimbane ndi majeremusi a dzira losapsa. Mtedza wa Brazil nut, umene umapezeka m'masitolo akuluakulu a m'tauni, uyenera kusamalidwa ngati mankhwala: mtedza umodzi ukhoza kukhala ndi ma microgram oposa a tsiku lonse, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana kwambiri pakati pa mtedza ndi mtedza, moti kudya wodzaza dzanja tsiku lililonse kungamufikitse munthu pa malire aja. Kuchuluka kwa mapuloteni oyenera kumadalira mmene impso ikugwirira ntchito, ndipo amene angakuuzeni ndi dokotala wa impso kapena katswiri wa kadyedwe wa kuchipatala chimene mumapitako.

Ngati dokotala akuganiza kuti pali kuperewera kwenikweni, monga mwa wodwala amene wakhala akutsegula m'mimba nthawi yaitali chifukwa cha mycophenolate (mankhwala ena oletsa kukana impso), amene waonda kwambiri, kapena amene mtima wake wafooka popanda chifukwa chooneka, akhoza kutumiza magazi kuti akayezedwe pa nthawi imene wodwalayo sakudwala matenda ena. Kuyezaku kumafuna makina apadera ndi timabotolo tapadera tosadetsa magazi ndi zitsulo zina, choncho sikuchitika m'labotale iliyonse ndipo kumadula. Zotsatira zikasonyeza kuperewera, selenium amaperekedwa pa mlingo wodziwika, kwa nthawi yodziwika, kenako amayezanso. Kumeneku n'kuchiza kuperewera, ndipo n'kosiyana kwambiri ndi kumwa piritsi chaka ndi chaka poyembekezera kuti liteteza impso.

Mabotolo ambiri olembedwa kuti antioxidant sakhala ndi selenium yekha, ndipo ngozi yaikulu nthawi zambiri imakhala mu zinthu zinazo. Tacrolimus ndi cyclosporine amaphwanyidwa ndi enzyme ya m'chiwindi ndi m'matumbo yotchedwa CYP3A4, ndipo chilichonse chimene chimasintha enzyme imeneyi chimasintha mlingo wa mankhwalawo m'magazi. Chitsamba cha St John's wort chimatsitsa mlingowo mpaka thupi kuyamba kukana impso, monganso mmene amachitira rifampicin wa TB, pamene chipatso cha grapefruit chimaukweza mpaka impso kuvulala. Vitamini C wochuluka kwambiri amasanduka oxalate, amene amatha kuunjikana m'timachubu ta impso. Zina mwa zosakaniza zimatsatsidwa kuti zimalimbitsa chitetezo cha m'thupi, chomwe ndi chinthu chimene mankhwala a wodwalayo akulimbana nacho usana ndi usiku. Komanso m'banja limene ndalama ya mankhwala imasonkhedwa mwezi ndi mwezi, madola amene apita ku botolo lotere akhoza kukhala omwe akanagulira tacrolimus wa sabata yomaliza ya mwezi, ndipo kudumphitsa tacrolimus kumawononga impso motsimikizika kuposa kuperewera kulikonse kwa selenium.

Gwero la vuto la selenium kuno lili m'munda, ndipo kumeneko mayankho anayesedwa kale. Dziko la Finland, limene nthaka yake inali yosauka chimodzimodzi, linayamba kuthira sodium selenate mu feteleza mu 1984, ndipo selenium wa m'magazi a anthu ake anakwera popanda munthu kumwa piritsi. Ku Malawi, mu 2019, ofufuza a pa yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ndi anzawo a ku United Kingdom anagawa ufa m'midzi ya m'boma la Kasungu, wina wa chimanga cholimidwa ndi feteleza wothira selenium ndipo wina wa chimanga wamba. Patapita masabata ochepa, amayi ndi ana amene ankadya nsima ya ufa woyambawo anali ndi selenium wokwera kwambiri m'magazi, pamene mwa enawo sanasinthe. Njira imeneyi imakweza anthu onse pang'ono, kuphatikizapo mlongo amene tsiku lina adzapereke impso ndi mbale amene adzailandire, ndipo mlingo wake umayang'aniridwa pa fakitale ya feteleza, kumene n'kosavuta kuulondoloza kusiyana ndi m'mabotolo masauzande a m'mafamase ndi m'misika.